Achemwali anga ndi nyimbo ya khomo lotseguka

Achemwali anga sankayamba nyimbo ndi mawu, ankayamba ndi mapazi. Ukawapeza ataima pa thandala loyanikapo nsomba akutembenuza usipa, chidendene chikugogoda mchenga, unkadziwa kuti m'mutu mwawo mwalowa kanthu. Pamenepo kuwalankhula kunali kutaya nthawi. Ukawafunsa kuti mchere uli pati, ankakuyang'ana ngati sakukudziwa. Pakapita masiku ankayamba kung'ung'udza, ndipo mawu ankabwera pomalizira, kawirikawiri mawu otola: chimene mayi wina wanena pachitsime, kapena dandaulo la asodzi pokoka khoka. Sankalemba. Sukulu anasiyira m'munsi chifukwa anali oyamba kubadwa ndipo mayi athu ankadwaladwala. Ine wotsiriza ndi amene ndinapitirira mpaka kukhala mphunzitsi pasukulu ya m'mudzi mwathu momwemo.

Kwathu n'kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, pa msewu wopita ku Makanjira, pafupi ndi mishoni yakale. Ife tinkapemphera kumishoniko, anansi athu ambiri anali Asilamu, ndipo Chiyao ndi Chichewa zinkasakanikirana m'kamwa mwathu osazindikira n'komwe. Nyimbo za achemwali zinali chimodzimodzi. Ankapekera maukwati, zinamwali ndi magule a amayi. Inalipo ya lole imene inatitimira m'matope itanyamula mkwatibwi, n'kukafika mpunga wa ukwati utatha. Inaliponso ya bambo wobwera ku Joni amene ankavala jasi la mpeya dzuwa la mwezi wa Okutobala likuswa mtengo, kuti anthu asaiwale kumene wachokera. Bamboyo anali wa m'mudzi momwemo. Anakwiya sabata yoyamba, kenako ankaipempha yekha pamowa.

Ng'oma ankawaimbira bambo wina wachikulire woyandikana nafe, wosoka maukonde, amene tonse tinkangowatcha atati monga mwa Chiyao. Nyimbo ikayamba kupsa, achemwali ankapita nayo pakhonde pawo. Iwo akuponda, atati akugogoda ntchafu ndi kamtengo kosokera ukonde, osakweza maso. Munthu yekhayo amene ankaloledwa kunyoza nyimbo ya achemwali anali atati.

"Apa mwadzaza mawu, mwanangu. Amayi apumira pati?"

"Ndichotse ati?"

"Chotsani amene mukuwakonda kwambiriwo."

Achemwali ankabwerako akunyinyirika, koma ankachotsa.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo mayi aliyense anali wovina wake, wofuna ndi wosafuna yemwe. Mtsogoleri wa dziko akamabwera kuboma ku Mangochi, kapena kukakhala chikondwerero ku Blantyre, lole inkabwera kudzatitenga titavala nsalu zofanana. Ife aphunzitsi tinkasiya ana m'kalasi n'kukaima pamzere ngati wina aliyense. Sipanatenge nthawi kuti amayi apampando a dera lathu amve kuti m'mudzi mwathu muli wopeka nyimbo. Anali mayi wamtali, wamawu aakulu, wa malonda a mpunga. Anabwera tsiku lina, anamvetsera nyimbo ya lole ija, anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anati, "Mphatso yotere sisewera ndi maukwati okha. Boma likuifuna."

Ndikanama ndikanena kuti achemwali anakokedwa ndi chingwe. Poyamba anakondwa. Munthu amene anali asanapitirirepo boma anakaona Blantyre, anaima pakati pa bwalo lalikulu, amayi osawerengeka akuvomera nyimbo imene iye anaiyamba ndi chidendene pa thandala. Tsiku lina mwini golosale ya m'mudzi anatumiza uthenga kuti tibwere msanga, wailesi ikuimba nyimbo yathu. Tinathamanga nsalu zili m'manja. Oimbawo anali amayi a boma lina, ndipo wolengeza sananene kuti anapeka ndani. Achemwali anamvetsera mutu uli pambali, n'kunena kuti, "Pothera pake aipotoza." Koma sabata yonseyo ankayenda ngati pansi pali pofewa.

Zowawa zake zinkabwera pang'onopang'ono. Kukonzekera gule kunkagwera nthawi yopalira. Alamu anga, amuna awo, ankachokera panyanja n'kupeza pakhomo pali zii, ana ali kwa eni. Sakanadandaula, chifukwa mwamuna woletsa mkazi kukavina ankaitanidwa kukafotokoza. Ankangotenga khasu n'kupita kumunda okha. Ndipo nyimbo zimene zinkafunidwa zinali za mtundu umodzi: kuthokoza misewu, kuthokoza chimanga, kuthokoza mtendere. Achemwali ankayesetsa kuikamo kanthu kamoyo. Pothokoza msewu anaikamo nkhuku imene inadabwa kuona galimoto, ndipo amayi apampando anailola chifukwa anthu ankaseka. Koma za maukwati zinayamba kuchepa. Achemwali ankati mutu ndi umodzi.

Boma lathu la Mangochi linali loyang'aniridwa ndi diso lina chichokereni chipwirikiti cha zaka zoyamba za ufulu. Panali mayina amene sankatchulidwa, ngakhale m'nyumba. Anthu ankatengedwa, ndipo otsala ankaphunzira kusafunsa. M'mawa wina galimoto ya apolisi inaima panyumba ya mwana wamwamuna wa atati, mmisiri wokhoma maboti, amene anali atangokwatira kumene ndipo anali ndi khanda. Anamutenga ali ndi utuchi m'tsitsi. Ena ankati analandira mlendo wochokera kutsidya kwa malire, ena ankati pali amene ankamuchitira nsanje pa ntchito ya maboti. Mlandu sunazengedwe, ndipo kumene anapita naye sikunanenedwe.

Mkazi wake anadikira miyezi ingapo, kenako abale ake anabwera kudzamutenga. Nyumba inatsala yokha. Mphepo inathyola chomangira chitseko, khomo linkangoti pululu, mbuzi zinayamba kugonamo. Nyumbayo inali panjira ya kuchitsime, moti tinkaiona tsiku ndi tsiku, aliyense akuyang'ana kumbali. Kwa atati anthu anasiya kupitako. Maukonde ankapita kwa wosoka wina. Koma ng'oma ya gule wa chipani inalibe wina woidziwa ngati iwo, choncho tsiku lokonzekera likafika ankabwera, kuwamba ng'oma yawo pamoto wa mapesi, kuimba, n'kubwerera osalankhula ndi munthu. Achemwali okha ndi amene ankakhalabe pakhonde pawo. Anali ndi chonamizira, poti ntchito yawo inali imodzi.

Tsiku lina masana ine ndi achemwali tinali kumunda kukumba chinangwa. Ndinamva akuimba chapansipansi nyimbo imene ndinali ndisanaimvepo, yoyenda pang'onopang'ono ngati ya pamaliro.

Khomo la mwana wanga latseguka lokha,
mbuzi zagona pamphasa,
ndani andilozere njira anapita?

Ndinasiya khasu. Ndinayang'ana uku ndi uku, ngakhale m'mundamo tinalimo awiri.

"Achemwali, imeneyo musadzaimbe pa anthu."

"Si ya anthu," anatero. "Ndi ya atati. Koma nawonso sadzaimva. Yangobwera, ndiye ndiitani?"

Ndinawapempha kuti aimbenso, ndipo anaimba yonse. Inali ndi ndime zina, za khanda limene lidzakula losadziwa fungo la bambo ake, ndi za boti losatha kukhoma limene linatsala pagombe chiswe chikulidya. Mwa nyimbo zonse zimene achemwali anapeka, imeneyo inali yoposa. Ndinaimva tsiku limenelo lokha.

Pasanapite nthawi yaitali amayi apampando anabwera ndi uthenga. Kuboma kunali kudzachitika msonkhano waukulu, ndipo akuluakulu ankafuna kuti amayi a Mangochi aonetse dziko lonse kuti zigawenga alibe nazo gawo. Pankafunika nyimbo yatsopano yozinyoza. "Makamaka mudzi wanu uno," anatero, maso ali kunjira ya kuchitsime.

Achemwali anayesa. Ndinkawaona pa thandala ataima chilili, mapazi ali duu. Kuthokoza ankatha, kuseka munthu ankatha, koma kutukwana munthu amene sanawalakwire kunali kwachilendo kwa iwo. Anatenga nyimbo yakale n'kusintha mawu, amayi apampando anaikana, ati akuluakulu aizindikira. Anapeka ina yonena za njoka m'udzu, koma inali yakufa, amayi ankaivomera ngati akuwerenga pa bolodi.

Tsiku lomaliza kukonzekera tinasonkhana pansi pa mitengo ya mango pabwalo la sukulu. Amayi apampando anabwera ndi anyamata awiri a chipani, amene anakhala pa benchi. Anaitanira achemwali pambali, ine ndinali pafupi ndipo ndinamva. Mawu awo sanali aukali. Anali a munthu amene nayenso sakugona tulo.

"Mayi, ine kuboma andifunsa kale kuti bwanji wopeka nyimbo wanu amakhala pakhonde la bambo wa chigawenga. Ndawayankha kuti ndi nkhani ya ng'oma. Tsopano nyimbo ikapanda kubwera, ndikanena kuti chiyani? Adzati mukuwamvera chisoni. Muli ndi ana, inenso ndili ndi ana."

Achemwali anabwerera pakati pa bwalo. Anaima kanthawi, kenako chidendene chinayamba kugunda, mofulumira, kuponda kwa chisangalalo. Atatsegula pakamwa ndinaizindikira nyimboyo nthawi yomweyo.

Khomo la chigawenga latseguka lokha,
mbuzi zagona pamphasa,
wapita, wapita, asabwerenso.

Anangosintha mawu ochepa ndi liwiro. Zina zonse zinali zomwe zija. Ndipo poti inali nyimbo yopangidwa bwino, inagwira pomwepo. Amayi anaivomera kachiwiri kokha ngati anabadwa nayo. Ena anayamba kuseka pa mawu a mbuzi, wina anayerekeza kulira kwa mbuzi, nthungululu inamveka. Panalibe amene sankadziwa kuti khomo lake ndi liti. Inenso ndinali pamzere, ndinavomera, ndinavina.

Atati anali atakhala pa mpando wawo, ng'oma ili pakati pa miyendo. Ndime yoyamba inatha manja awo ali m'mwamba osagunda. Mmodzi wa anyamata aja anatembenuka kuwayang'ana. Pamenepo manja anatsika, ndipo anaimba monga ankaimbira nthawi zonse, mosaphonya, maso ali pa mapazi a achemwali. Anafika nayo mpaka kumapeto. Amayi apampando anawomba m'manja, nkhope yawo itamasuka ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Anthu atabalalika, achemwali anapita pamene atati ankamanga ng'oma yawo ndi chingwe kuti aibereke. Anagwada.

"Nyimbo yabwino, mwanangu," atati anatero. "Palibe chochotsa."

"Atati, siinali yotero."

"Ndamva mmene inalili. Ng'oma imamva." Anamaliza kumanga mfundo. "Chitseko chija ndikachikonza mawa. Ndinkangoopa kuti akandiona ndikulowamo."

Anakonzadi. M'mawa mwake tikupita kuchitsime tinapeza chitseko chitamangidwa ndi chingwe cha ukonde.

Kumsonkhano wa kuboma nyimboyo inaposa zonse. Tinaoloka Shire titadzazana m'lole, tinaima padzuwa kuyambira m'mawa, fumbi lili m'kamwa, ndipo nthawi yathu itakwana achemwali anaiyamba ndi mawu amene anamveka mpaka kumsika. Akuluakulu a pansanja anaimirira. A wailesi anaijambula pomwepo, ndi ng'oma ya atati, ndi mawu a achemwali enieniwo. Kwa zaka zingapo inkamveka pafupipafupi. Ana ankaiimba posewera fulaye, amayi a maboma ena anaitenga. Achemwali anapatsidwa nsalu yatsopano ndi malo a kutsogolo m'lole.

Titabwerako atati anayamba kudandaula dzanja. Ankati lachita dzanzi, silikumva chikopa. Anapereka ng'oma kwa mphwawo, mnyamata wamphamvu koma wothamanga, amene ankaimba ngati akuthamangitsa akuba. Palibe amene anawakakamiza, poti ntchito yawo anali ataigwira pamaso pa onse. Dzanja lomwelo linkasokabe ukonde bwinobwino. Achemwali anapitabe pakhonde paja kangapo, atanyamula chinangwa kapena nsomba. Atati ankawalandira mwaulemu, kuwafunsa za ana ndi za alamu. Za nyimbo sanakambiranenso. Kenako achemwali anayamba kutuma ana kukapereka zinthuzo, iwo osapita. Atati anamwalira nyengo ya mvula patapita zaka zochepa. Pamaliro pawo panali anthu ochepa, ndipo achemwali anakhala kumbuyo kwa nyumba ndi amayi ophika, osalowa m'siwa.

Chipani sichinasiye kufuna nyimbo, ndipo achemwali sakanakana. Koma zimene ankapereka tsopano zinali zakale zovekedwa mawu atsopano. Pa thandala ankatembenuza usipa ngati wina aliyense, ukawafunsa za mchere ankayankha msanga. Ndinawafunsa tsiku lina ngati nyimbo zasiya kubwera.

"Zimabwera," anatero. "Ndimaziuza kuti zibwerere. Ikangotuluka m'kamwa si yakonso."

Amayi apampando anadandaula kuti nyimbo zazilala, kenako anapeza mtsikana wina wa mudzi wa kumtunda amene anali ndi mawu okoma ndi mtima wofuna. Achemwali anabwerera pamzere wa kumbuyo. Anati apumula, ndipo ndikhulupirira kuti zinali zoona, koma ndinaonanso mmene nkhope yawo inkachitira mtsikanayo akadzaza mawu pamene amayi amafunika kupuma. Panalibenso womuuza kuti achotse.

Mwana wa atati anabwerako chipani chikadali chimodzi. Anangotsika lole masana ena, wowonda, tsitsi litayera, atanyamula kathumba. Palibe amene anamuuza chifukwa chimene anamutulutsira, monganso sanamuuze chimene anamutengera. Anapita kumanda a bambo ake, kenako anamasula chingwe cha pachitseko chija. Anthu ankamupatsa moni chapatali.

Achemwali anakhala masiku akuzengereza, kenako anagwira nkhuku n'kundipempha kuti ndiwaperekeze. Tinamupeza panja akunola sompho yosemera matabwa imene inali itachita dzimbiri. Anatiyalira mphasa. Titapatsana moni, achemwali anayamba kufotokoza, mawu akudukaduka, kuti pali nyimbo ina imene mwina adzaimva kwa ana. Iye anawadula mofatsa.

"Ndikuidziwa, amayi. Alonda a kundende anali ndi wailesi, ankaikweza dala ikayamba. Ankadziwa kuti ena mwa ife ndife a kuno."

Achemwali anaweramitsa mutu.

"Tsiku loyamba mawu sindinawamve n'komwe," anapitiriza. "Ndinamva ng'oma. Dzanja la bambo anga sindingalisokoneze ndi la munthu wina. Ndinadziwa kuti ali moyo, sanawatenge. Kalata kunalibe, wobwera kudzationa kunalibe. Ndiye ikamaimbidwa anzanga ankatseka makutu, ine ndinkasendera kufupi ndi khomo." Anayesa sompho ndi chala. "Ndinaimvera zaka zonsezo. Sindinadziwe kuti wailesi imaimbabe ng'oma ya munthu amene anaikidwa kale."

Nkhuku analandira, anathokoza. Sanakhalitse m'mudzimo. Anamva kuti mkazi wake anakwatiwanso, ndipo anasamukira kwa abale a mayi ake cha ku Chowe, kumene kulibe maboti oti akhome. Ankapanga zitseko ndi mipando.

Pobwerera tsiku limenelo ndinayesa kuwatonthoza achemwali. Ndinati mwamva nokha, nyimbo ija inamuthandiza munthu.

"Ng'oma ndi imene inamuthandiza," anatero. "Yanga inali mawu."

Chaka chotsatira ndinasamutsidwa kukaphunzitsa kuboma, ndipo tinkaonana patchuthi pokha. Tikakumana tinkakamba za ana, za mtengo wa nsomba, za bondo lawo limene linayamba kuvuta. Zinthu zitasintha m'dziko, nyimbo za chipani zinazimiririka pawailesi, ndipo anthu ena amene ankavina nafe pamzere womwewo anayamba kuwatcha achemwali mayi wa nyimbo zija, ngati kuti ankaimba okha.

Ndinkaganiza kuti mantha akatha nyimbo zibwerera. Ndinagula kawailesi kojambula mawu n'kupita nako kumudzi, kuti tisunge zakale zija. Anayesa chifukwa cha ine. Zina ankakumbukira ndime imodzi, zina kayimbidwe kokha mawu atatayika, ndipo amayi amene akanawakumbutsa ambiri anali atamwalira kapena kukwatiwa kutali. Nditawapempha ya kumunda ija, mmene inalili poyamba, anakana. Anati mwini wake anapita osaimva, ndiye wina aimveranji. Ine ndikukumbukira mizere itatu yokha imene ndalemba pano. Ya khanda ndi ya boti ndikudziwa zimene inkanena, koma mawu ake ndinataya.

Mdzukulu wawo woyamba akukwatiwa, amayi a m'mudzi anawakokera pakati pa bwalo kuti atsogolere gule. Anaimirira, anamanga nsalu m'chiuno, anthu anadikira. Anayang'ana mnyamata wa ng'oma, anayang'ana pansi, kenako anaseka pang'ono n'kunena kuti pakhosi pawo pali chimfine, ayambe wina. Anapita kuseri kukathandiza kupeta mpunga, ndipo ine ndinawatsatira. Tinapeta limodzi mpaka gule anatha. Anamwalira patapita zaka zingapo, ali wogulitsa usipa wouma pamsika wa m'mudzi, ndipo adzukulu awo ambiri sadziwa kuti agogo awo ankapeka nyimbo.